Kampani Ikasamuka, Ngongole Zake Sizifa

Mlimi amene wapereka soya pangongole sagona tulo akamva kuti kampani yogulayo yasamukira kudziko lina. Kodi thukuta lake lapita pachabe?

Lamulo la makampani la ku South Africa la 2008, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011, limalola kampani yakunja kusamutsira kalembera wake m'dzikolo. Koma pali zofunika kukwaniritsa: malamulo a kumene ikuchokera alole, eni masheya avomereze, ndiponso chuma chake chikwanire kubweza ngongole.

Lamuloli likunenetsa kuti kampani yotere sikhala yatsopano. Mapangano, ngongole ndi milandu ya kukhoti zimaitsatira. N'chifukwa chake mlimi ayenera kusunga bwino pangano losainidwa ndi malisiti, pakuti ndiwo umboni wake pokalonjerera ndalamazo.