Kodi Mumadziwa?

Pachilumba cha Sicily ku Italy pali tizilombo tooneka ngati timitengo touma tomwe tonse ndi tatikazi tokhatokha. Dzina lake ndi Bacillus whitei.

Mtunduwu unayamba pamene mitundu iwiri yosiyana, Bacillus rossius ndi Bacillus grandii, inakwerana. Tizilombo tobadwato timaikira mazira omwe amaswa popanda kamphongo.

Pongotiyang'ana n'kovuta kudziwa makolo ake, poti mitundu yonseyi imafanana kwambiri. Akatswiri anatulukira zimenezi poyeza za m'maselo, ndipo DNA yomwe mwana amatengera kwa mayi ake okha inaonetsa kuti mayi anali rossius.

Chodabwitsa kwambiri ndi Bacillus lynceorum, wa ku Sicily komweko. Iyeyu anachokera ku mitundu itatu: rossius, grandii ndi atticus.