Za Kudontha kwa Petulo m'Galimoto Yakale

Inu eni mabanja amene muli ndi Land Rover yakale, ndi inunso amene mumasonkha ndalama kuti ikutengereni cimanga ndi mtedza kumsika, tamverani mau awa. Galimoto zimenezi zinayamba kupangidwa ku England m'caka ca 1948, ndipo za mtundu wa Series III zinapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985. Zina zikali kuyenda m'miseu ya kumidzi, koma mapaipi ace a mafuta akalamba. Mukamva fungo la petulo, kapena mukaona m'mamawa kuti dothi lanyowa pansi pa galimoto, musayese kanthu kacabe. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Ndiponso dontho limodzi logwera pa citsulo camoto likhoza kutentha galimoto pamodzi ndi dzinthu za caka conse.

Poyamba dziwani njira ya petulo. M'Land Rover yaifupi thanki iri pansi pa mpando wa kudzanja lamanja. Paipi yoyamba icokera ku thanki kunka ku pampu, imene iri m'mbali mwa injini. Yaciwiri icokera ku pampu kunka ku kabuleta, imene ikhala pamwamba pa citsulo cotulutsa utsi. Pamenepo ndipo pali ngozi yoposa. Kawirikawiri kudontha kuyambira polumikizira mapaipi, pakuti kugwedezeka kwa m'njira zoipa kumasula manati. Pakamasuka patsogolo pa pampu, petulo adontha poonekera. Koma pakamasuka pakati pa thanki ndi pampu, paipi iyamwa mpweya, ndipo injini ibvuta kulira m'mamawa, nitsokomola pokwera citunda.

Musanagwire nchito, imikani galimoto panja, kutali ndi khichini ndi nkhokwe, ndipo injini izizire. Masulani waya wa batire. Pasakhale wosuta fodya pafupi, kapena nyali ya parafini. Unikani ndi toci. Ikani pambali panu cidebe ca mcenga, cifukwa madzi sazima petulo, angomwaza moto.

Tsono pukutani mapaipi onse ndi nsaru youma. Pansi pa pampu pali kamkono kopopera ndi dzanja; popani kangapo, nimuyang'ane pamene payamba kunyowa. Musafulumire: kuona maso a nkhono nkudekha. Petulo ayenderera pa paipi, kotero pamene agwera pansi sindipo pamene atulukira.

Zolumikizira ziri za mitundu itatu. Pali nati yofinya kamphete ka mkuwa pa paipi. Gwirani ndi masipanala awiri, ina yoletsa, ina yomanga, ndipo mumange pang'ono cabe. Kukapanda kuleka, kampheteko katha. Dulani nsonga ya paipi bwino, nimuike katsopano. Kumanga ndi mphamvu kuononga mazinga, ndipo mudzagula pampu yonse m'malo mwa kamphete.

Palinso bauti wobooka m'kati, wokhala ndi timphete tiwiri topyapyala. Tikakalamba tiuma, ndipo sititsekanso. Gulani tatsopano. Ngati nta mkuwa ndipo sitolo iri kutali, titengereni kutali ndi galimoto, mutiwoche kufikira tifiira, tikazizira tifewanso.

Wacitatu ndiwo paipi ya mpira yomangidwa ndi kilipi. Ipindeni ndi zala. Mukaona ming'alu, yatha nchito. Kuyambira caka ca 1982 petulo wa m'Malawi asanganizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa kucokera ku nzimbe, ndipo ethanol aononga mpira wa mtundu wakale. Cifukwa cace pogula nenani kuti mufuna paipi ya petulo, yosati ya madzi, ndipo muimange ndi kilipi, yosati ndi waya, amene aceka mpira.

Ambiri amata sopo podontha, kapena kukulunga ndi mpira wa cubu. Izi zikhoza kukufikitsani kumudzi tsiku limodzi, koma petulo afewetsa cubu, ndipo cironda cobisika cidzatseguka muli pakati pa ulendo, kapena usiku ponyamula wodwala kunka naye ku cipatala.

Mutatha, pukutani ponse, bwezerani waya wa batire, lizani injini, nimuyang'anenso. Mawa lace onaninso pansi. Ngati galimoto yanu nja dizilo, muyenera kutulutsa mpweya m'mapaipi isanalire. Ndipo musafufuze ndi cala pa mapaipi onka ku mainjekitala injini irikulira, pakuti mafuta ace atuluka ndi mphamvu yoboola khungu. Nchito imeneyo isiyireni makanika.

Monga muyendera denga mvula isanagwe, momwemonso yenderani mapaipi nyengo yokolola isanafike. Kamphete ka mkuwa nkotsika mtengo. Galimoto yopserera ndi moyo wa munthu sizibwezeka.