Fomula ikafuna nambala yachinayi

Ku kalabu yathu ya kompyuta kuno ku Domasi timalemba mafomula a fizikisi mu Python. Awiri awa mukuwadziwa kale: v = u + at ndi s = ut + ½at². Onse amalandira manambala atatu n'kubweza imodzi, ndiye tinawapatsa dzina limodzi:

Fomula = Callable[[float, float, float], float]

Dzina lotere limatchedwa type alias. Lili ngati soketi ya mabowo atatu: function iliyonse yofuna kutchedwa Fomula iyenera kulowamo. Mlonda wake ndi pulogalamu ya mypy, yomwe imawerenga zomwe mwalemba musanaziyendetse n'komwe.

Tsiku lina mtsikana wa Fomu 3 anati mwala woponyedwa m'mwamba kuchokera pa mlatho wa mtsinje wa Domasi suyambira pa madzi, umayambira pamwamba pake. Anawonjezera h, kutalika kwa mlathowo: s = h + ut + ½at². Basi mypy inakana.

"Aphunzitsi, koma fizikisi yake ndi yolondolatu!"

Inalidi yolondola. Vuto linali lakuti gawo lomwe limasindikiza tebulo la mayankho limapereka manambala atatu okha kwa Fomula iliyonse. Likanafika pa function yake, pulogalamu yonse ikanaima pakati.

Njira yosavuta ndi kuika h kumapeto n'kuipatsa nambala yokhalitsa, h: float = 0.0. Apa mypy imavomera, chifukwa wopereka manambala atatu sakhumudwa. Koma chenjerani: mukaiwala h, kompyuta ingotenga 0 mwakachetechete, mlatho n'kusowa m'masamu anu. Ine njira imeneyi sindiikonda kwenikweni.

Ina inabwera ndi Python 3.10 mu 2021, ya ParamSpec ndi Concatenate:

P = ParamSpec("P")
YaPamlatho = Callable[Concatenate[float, P], float]

P ikuimira manambala onse omwe function inali nawo kale, pomwe Concatenate ikumata nambala yatsopano. Imamata kutsogolo kokha, ndiye h akhale woyamba. Tsopano aliyense woiwala h agwidwa pulogalamu isanayende.

Chomwe mypy siiona n'chakuti kwa iyo mamita ndi masekondi onse ndi float. Mnyamata wina anasinthanitsa a ndi t, mlonda osanena kanthu. Lachinayi likubwerali bwerani ndi yankho: u ndi 5, a ndi -9.8, t ndi 1, h ndi 6. Kenako sinthanitsani a ndi t, muone komwe mwala wanu wafika.