Kodi mumadziwa? Mwininyumba naye amalemba womuwerengera

Ku America, mkuntho ukasasula denga, kampani ya inshuwalansi imatumiza munthu wake kudzawerengera zowonongeka. Mwininyumba akaona kuti ndalama zachepa, angathe kulemba ntchito katswiri wakewake, wotchedwa public adjuster, amene amayendera nyumbayo, kuwerenga mgwirizano wonse ndi kukanenerera kukampaniko. Si waulere ayi: malipiro ake amadula pa ndalama zomwezo. Ku Florida, kumene anamondwe sasowa, lamulo sililola kuti apitirire 20 peresenti, ndipo bwanamkubwa akalengeza za ngozi, malirewo amatsikira pa 10 peresenti kwa chaka chimodzi.

Povuta ndi pa madzi. Mvula yolowera padenga losasuka kawirikawiri imalipiridwa, koma madzi osefukira amafuna inshuwalansi yapadera, monga ya boma imene inayamba mu 1968.