Union type pa ma parameter a function

Union type ndi njira yomwe zilankhulo zina zolembera mapulogalamu a kompyuta zimagwiritsa ntchito posonyeza kuti chinthu chimodzi chikhoza kukhala cha mitundu iwiri kapena kuposerapo. Kawirikawiri mitunduyo imalekanitsidwa ndi chizindikiro cha |. Mwachitsanzo, m'chilankhulo cha PHP, parameter yolembedwa kuti int|string $nambala imalandira nambala yathunthu kapena mawu. Ikapatsidwa array, PHP imakana ndipo imatulutsa TypeError.

Mbiri

Maganizo amenewa ndi akale, chifukwa chilankhulo cha ALGOL 68 chinali nawo kale. TypeScript, yopangidwa ndi kampani ya Microsoft, inayamba kulola union type mu 2015. Okonza PHP anakana pempho lotere mu 2016, koma mu 2019 anavomereza pempho lina la Nikita Popov, ndipo njirayi inalowa mu PHP 8.0, yomwe inatuluka pa 26 Novembala 2020. Python 3.10 ya mu 2021 inalola kulemba int | str, ngakhale kuti Python payokha sifufuza mitunduyo pulogalamu ikamayenda. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi zida zina monga mypy.

Kusiyana maganizo

Ogwirizana nayo amanena kuti ma function ambiri amalandira kale mitundu ingapo, choncho ndi bwino kulemba zimenezi poonekera. PHP 8.0 isanatuluke, olemba mapulogalamu ankangozilemba m'ndemanga za PHPDoc, zomwe PHP siitsatira, motero cholakwika chinkaoneka mochedwa.

Otsutsa amati parameter yolandira mitundu yambiri nthawi zina imasonyeza kuti function ikugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Wolemba amakakamizika kufufuza m'kati mwa function kuti walandira mtundu uti, ndipo mitundu ikachuluka pulogalamu imavuta kuwerenga ndi kukonza.

Njira ina

Java silola union type pa ma parameter a method. M'malo mwake wolemba amapanga ma method angapo a dzina limodzi, iliyonse ndi mtundu wake, njira yotchedwa overloading. Chizindikiro cha | pakati pa mitundu chimaloledwa mu catch mokha, kuyambira mu Java 7 ya 2011. PHP ilibe overloading yotere, n'chifukwa chake union type ndi yofunika kwambiri kumeneko kusiyana ndi mu Java.