MANDALA ANGAPULUMUTSE NCHITO YA MUNTHU WA ZAKA 40

Kalaliki akafika zaka 40 kapena 45 amayamba kugwirira kalata patali kuti aone bwino malemba. Telala nayenso amalephera kupisa ulusi pa singano. Ambiri amabisa bvuto limeneli poopa kucotsedwa nchito, ndipo ena amaganiza kuti anzao a kaduka awalodza. Koma madokotala a maso amati imeneyi si nthenda iai, ndi ukulu cabe monga imvi, ndipo amaicha presbyopia.

M'kati mwa diso muli kagalasi kakang'ono. Pa ubwana kagalasi kameneka kamakhala kofewa, ndipo timinofu ta m'diso timakakunga ndi kukamasula kuti munthu aone za patali ndi za pafupi zomwe. Zaka zikamacuruka kamalimba pang'onopang'ono, kotero za pafupi zimaoneka mwa cimbuuzi. Kulimbaku kumapitirira kufikira zaka 60 kapena 65.

M'caka ca 2019 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti anthu 826 miliyoni pa dziko lonse anali ndi bvutoli koma analibe mandala owayenera. Ku Assam, m'dziko la India, kufufuza kumene kunasindikizidwa mu 2018 kunaonetsa kuti othyola tiyi amene anapatsidwa mandala anathyola tiyi woposa wa anzao ndi magawo pafupifupi 22 pa 100. Kwa munthu wolipidwa monga mwa kulemera kwa dengu lace, zimenezo ndi ndarama za ufa.

Mandala si cinthu cacilendo m'maiko ano. John Moir wa kampani ya African Lakes anachedwa Mandala cifukwa ca magalasi amene anali kubvala, ndipo dzinalo likalipo ku Blantyre kufikira lero.

Woyamba kumene kubvutika amafuna mandala owerengera a mphamvu ya +1.00, ndipo wa zaka 60 kawirikawiri amafuna +2.50. N'cifukwa cace amasinthidwa pakapita zaka zowerengeka. Amene saonanso bwino patali angapeze mandala a zigawo ziwiri, ca pamwamba coonera kutali ndi ca pansi cowerengera. Mandala saononga maso monga ena amanenera. Maso amapitirira kufooka cifukwa ca zaka, kaya munthu abvale kaya asabvale.

Koma munthu wanzeru amayamba wapimitsa maso ku cipatala asanagule mandala pa msika. Pa msinkhu womwewu pamabweranso ng'ala, matenda a shuga oononga maso, ndi nthenda ya glaucoma imene imapha diso mwakacetecete osapweteka. Mandala owerengera saciza zimenezi. Diso likamapweteka, likafiira, kapena likacita mdima mwadzidzidzi, mwini wace athamangire kwa dokotala tsiku lomwelo, ndipo asathiremo madzi a zitsamba, pakuti ambiri acita khungu ndi mankhwala otere.