Madzi a mumpopi amachokera ku Dzalanyama

Ndikamva anthu a mumzinda wa Lilongwe akudandaula kuti mipopi yauma, ndimawakumbutsa za nkhalango ya Dzalanyama. Mtsinje wa Lilongwe umayambira kumeneko, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu omwe Lilongwe Water Board imadalira.

Mitengo ikatha chifukwa cha makala, mvula silowa pansi. Imangothamanga, n'kukokolola dothi lomwe limakakwirira madamu. Dzinja madzi amakhala matope, pofika Okutobala mtsinje waphwa.

Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, koma ine ndimaona kuti ntchito yokhalitsa ili m'manja mwa makomiti a m'midzi. Iwo amafesa mbande m'machubu, amabzala nsungwi ndi vetiva m'gombe kuti mizu igwire dothi, ndipo mafumu amaletsa kulima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Pachitsa chomwe chaphukira amasiyapo mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina n'kuzisadza. Ena apachika ming'oma ya njuchi kuti ndalama izichokera ku uchi.

Ife a m'tauni tili ndi mbali yathu: thumba lililonse la makala lomwe timagula limalimbikitsa wodula mitengo kubwereranso kunkhalango.